Masiku Atatu Amene Tinawabera a Stanislaus Mbewe

Malemu bambo Stanislaus Msampha Mbewe anabadwa pa 9 Malichi 1958 m'mudzi muno mwa Mkombezi, kuno ku Nambuma, m'nyumba imene inali pomwe pali khola la mbuzi apo. Anabadwa atatu m'mimba imodzi. Oyamba ndi bambo Jonasi, amene akhala pampando wa ndalema kutsogolo kuno. Achiwiri ndi malemuwa. Chitsirizira anali mayi anga, malemu Rose.

Zikomo mafumu, zikomo a mpingo, zikomo adzukulu, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatithandiza kulira. Ine ndine Nickson, mwana wa mlongo wawo wa malemu. Dzulo masana banja linandisankha kuti ndiwerenge mbiri, ndipo atsibweni aakulu, a Jonasi, anandipatsa pepala lolembalemba. Pepalalo ndi ili. Pa nkhani ya matenda pali mzere umodzi wokha, wakuti malemu anagwa modabwitsa, ndipo za imfa yawo akudziwa ndi Mulungu ndi munthu amene anachita. Ndalipinda, ndaliika m'thumba. Ndiwerenga langa. Amene aone kuti ndaphwanya mwambo adzandizenge mlandu maliro akatha, nkhuku ya chindapusa ndaimangirira kale.

Ndisanapitirire, ndipemphe kuti mutembenuke muone kumene kwakhala mayi wamasiye. Sali pafupi ndi bokosi la amuna awo. Ali uko kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mtengo wa mango, chifikireni dzulo. Anauzidwa kuti asalowe m'nyumba ya siwa, asayandikire bokosi, ndipo kumanda asakaike nkhata, chifukwa akuti ndiwo anamenya malemu ndi hamala yamatsenga. Ndikamamaliza mbiri iyi, aliyense adziwe yekha amene amayenera kukhala kuseri kwa nkhokwe.

Malemu anayamba sukulu mu 1966 pa sukulu ya mishoni ya konkuno, ndipo analemba Sitandade 8 mu 1974. Anzawo a nthawi imeneyo, ena ndikuwaona pano, amati aphunzitsi anawapatsa ntchito yoimba belu kwa zaka zinayi zathunthu, chifukwa ngakhale analibe wotchi, ankangoyang'ana mthunzi wa khoma n'kudziwa nthawi. Ku sekondale sanasankhidwe, koma sanagwe mphwayi. Anaphunzira pa sukulu yoyendera mpaka kupeza satifiketi ya Fomu 2 mu 1977.

Pa 1 Okutobala 1979 analembedwa ntchito ku Chitedze, m'minda yoyeserera mbewu. Anayamba ndi khasu ngati wina aliyense. Mu 1985 akuluakulu ataona kuti munthuyu salemba zongoganizira, anawapatsa cholembera ndi buku. Ntchito yawo inali kuyeza mvula m'mawa uliwonse, kulemba tsiku limene mtedza wabzalidwa, tsiku limene wamera ndi tsiku limene wachita maluwa. Anzawo anawatcha aWotchi. Mukawauza kuti mufika naini koloko, inu n'kufika mphindi khumi zitadutsa, ankakulandirani bwinobwino, kukupatsani mpando, kenaka n'kukufunsani mwaulemu ngati kwanuko dzuwa limatuluka mochedwa. Ankakonda kunena kuti mtedza ukachedwa kubzala ndi sabata imodzi, ngakhale uupempherere bwanji, zokolola zapita kale.

Pa 20 Ogasiti 1983 anamanga ukwati woyera ndi mayi Natalia Nabanda a m'mudzi wa Kamphinda, ku Namitete. Nkhoswe ya kuchimuna anali a Jonasi omwewa. Mulungu anawapatsa ana atatu: Tionge, Luka ndi Dorcas. Wachinayi ndine. Mayi anga atamwalira mu 1994, a Jonasi anati nyumba yawo ndi yodzaza. Amene anabwera kudzanditenga kuno, atakwera matola, ndi mayi omwe ali kuseri kwa nkhokwe aja. Sindine magazi awo, koma sindikumbukira tsiku limene ndinadya m'mbale yosiyana ndi ya Luka.

Mu 2013 malemu anapuma pa ntchito atagwira zaka makumi atatu ndi zinayi. Anakamanga nyumba ya malata kwawo kwa akazi awo ku Kamphinda, n'kukhala mkamwini monga anachitira makolo athu. Apa ndi pamene mitima ina inayamba kuda. A Jonasi ankafuna kuti malata amenewo awale m'mudzi muno. Anayamba kuuza anthu kuti mng'ono wawo anadyetsedwa kondaine. Malemu ankangoseka, n'kunena kuti ngati ndi kondaine, ndiye kuti ndi wokoma, awonjezere. Kumeneko ankalima mtedza ndi chimanga, ankatumikira ku mphakati ngati mlembi, ndipo anakhoma chitini pamtengo kuseri kwa nyumba kuti apitirize kuyeza mvula. Palibe amene anawatuma. Ankangoona kuti mvula yosalembedwa yagwa pachabe. Buku lawo la mvula ndi ili ndagwira m'manjali.

Mu 2016 anapezeka ndi matenda othamanga magazi, amene timati bipi. Pamaso pa bokosi sanama, ndiye ndinene zoona: atsibweni anga pa mankhwala anali amakani. Munthu wosaphonya tsiku loyeza mvula ankaphonya mapiritsi ake. Ankamwa mutu ukawawa, ukaleka n'kusiya. Mchere ankaukonda koopsa, mpaka mayi Natalia ankaubisa m'chitini cha singano, iwo n'kumakapempha kwa aneba. Zimenezi zinali zolakwa zawo, ndipo tinkawauza.

Mu Ogasiti 2022, akumwa tiyi m'mawa, kapu inawapulumuka m'manja. Pakamwa panapindikira mbali imodzi, mawu n'kumatuluka ngati a munthu woledzera. Patapita mphindi khumi zonse zinabwerera m'malo. Iwo anati zatha, koma mayi Natalia anawakoka tsiku lomwelo kupita ku chipatala cha mishoni ku Namitete. Adokotala anawauza kuti imeneyo ndi kalambulabwalo wa sitiroko, ndipo mwini wake ali m'njira. Anawaonjezera mankhwala, n'kuuza mayi kuti aziyang'ana zinthu zitatu: nkhope ikapindika, mkono ukafooka, mawu akasokonekera, asaphike, asasambe, asafunse munthu, angonyamula wodwala kuthamangira kuchipatala, ndipo akumbukire nthawi imene zayambira. Mayi anasunga mawu amenewa. Kuyambira pamenepo mapiritsi ankawapereka okha m'manja, n'kuima pomwepo mpaka amezedwe.

Tsopano ndafika pa tsiku limene pepala la a Jonasi lalumpha.

Lachiwiri, pa 14 Januwale chaka chino cha 2025, malemu anadzuka kukayeza mvula monga mwa masiku onse. Analemba tsiku. Analemba nthawi, 6:40 m'mawa. Anayamba kulemba mamilimita, koma nambala yake sinathe, cholembera chinangokanda mzere kutsika mpaka kumapeto kwa tsamba. Tsambalo ndi ili, amene akufuna kuona adzaone. Atsibweni anga anatisiyira okha nthawi imene matenda anawagwira, kuti pasadzapezeke wonama.

Mayi Natalia anawapeza atagwa pafupi ndi chitini chija, pakamwa patapindika, dzanja ndi mwendo wakumanja zosagwira, mawu osatuluka. Anadziwa pomwepo chimene chafika. Anathamangira kwa bambo Issa Ridwan, a golosale ya pamsewu, ndipo bambo Issa anasiya makasitomala pakhomo n'kuliza galimoto. Pofika seveni koloko galimoto inali itaima pakhomo, matiresi atayalidwa kumbuyo. Kuchoka pa Kamphinda kufika pachipatala, ngakhale kuli matope, ndi ulendo wa mphindi makumi awiri.

Koma mayi athu ndi munthu wolemekeza mwambo. Nonse mukudziwa kuti mkamwini ndi mwana wa eni. Akadwala kuchikamwini, eni ake amayenera kumva, kuopa kuti angafere m'manja mwa akuchikazi n'kusiya mlandu. Ndiye anthu ali pafupi kunyamula wodwala, mayi anaimbira foni mwini mbumba, a Jonasi. A Jonasi atamva kuti mbali imodzi yafa, sanafunse zambiri. Anati imeneyo ndi hamala, ndipo hamala salasa jekeseni, munthu akangobayidwa ndiye kuti wapita. Analamula kuti wina asakhudze mng'ono wawo kufikira iwo atafika. Anaonjezera kuti ngati mayi amunyamula, n'kukafera kuchipatala, dziko lonse lidzadziwa kuti anathamangira kukabisa zimene anachita.

Apa ndidzitchule ndekha, chifukwa mlandu suola, ndipo sindinabwere kudzaloza ena chala changa chili chakuda. Nthawi ya 7:05 mayi anaimbira ine. Ndinali pa ntchito ku Kanengo. Ankalira, akundipempha kuti ine, monga wa kuchimuna, ndingonena liwu limodzi lakuti pitani. Ine Nickson, amene anandilera, amene anandiphunzitsa mpaka Fomu 4, ndinachita mantha ndi atsibweni aakulu. Ndinawauza kuti adikire pang'ono, angasenze mlandu. Mawu amenewo amandiwotcha mpaka lero, ndipo sindikupempha munthu kuti andipepese.

Bambo Issa anadikira galimoto ili chilizire, kenaka anazimitsa, koma sanachoke. Eyiti koloko inakwana. Teni koloko inakwana. Dzuwa linafika pamutu. Malemu anagona pamkeka pakhonde, maso ali pa akazi awo, akuona zonse, akumva zonse, osatha kunena kanthu. Munthu amene ankadana ndi kuchedwa kwa mphindi khumi anadikiritsidwa maola asanu ndi awiri. A Jonasi anatulukira pa njinga ya kabaza nthawi ili cha m'ma thuu koloko masana, ndipo ndamva kuti anayamba aima pa Nsaru kudya kanyenya.

Kodi mukuganiza kuti atafika anati tiyeni kuchipatala? Ayi. Anauza bambo Issa kuti awaperekeze kwa sing'anga wina wodziwa kuzula hamala. Bambo Issa anakana, anati galimoto yawo ikudziwa njira imodzi yokha, ya kuchipatala. A Jonasi anakabwereka ngolo. Anakweza mng'ono wawo pangolo, mvula ikuwaza, n'kudutsa pamphambano yeniyeni yokhotera kuchipatala, osayang'anako. Mayi Natalia anawaletsa kutsatira, akuti mwini hamala akakhala pafupi mankhwala sagwira. Kumene ankapita sanauze munthu, ndipo foni anazimitsa.

Tionge, mwana woyamba wa malemu, anafika madzulo a tsiku lomwelo kuchokera ku Mchinji kumene amaphunzitsa. Ine ndinafika Lachitatu, manyazi atandigwira. Tinayenda Lachitatu lonse ndi Lachinayi lonse kufunsa m'midzi. Tinabwera ngakhale muno mwa Mkombezi, ndipo ena mwa inu amene mwavala nkhope zachisoni lero munatiuza kuti simukudziwa kanthu. Munkadziwa, eti? Amene anatiululira ndi mwini ngolo, Lachisanu m'mawa, chikumbumtima chitamupweteka.

Lachisanu pa 17 Januwale tinawapeza m'kachisakasa kuseri kwa nyumba ya sing'anga, kumtunda kwa Nsaru. Pepani amayi, ndinena momwe tinawaonera. Mbali yonse yakumanja, kuyambira pachipumi mpaka kuphazi, inali mphini zokhazokha. Anagonekedwa chagada malo amodzi masiku atatu, pamsana patayamba chilonda. Thupi linali moto. Ankapuma ngati mphika wowira. Pambali panali botolo la mankhwala akuda ndi kapu ya phala. Popeza sankatha kumeza, ankawatsegula pakamwa ndi supuni n'kumathira, ndipo akatsamwa, sing'anga ankati ndi hamala imeneyo ikutuluka. Amene ankawagwira mutu pothira ndi mkulu wawo. Tionge sanapereke moni kwa wina aliyense. Tinanyamula bambo ake kupita nawo m'galimoto ya bambo Issa, ndipo a Jonasi ankatikuwira kumbuyo kuti tikawapha ndife. Botolo lija ndinalitola, ndipo ndabwera nalo.

Ku chipatala cha mishoni anatilandira mwachangu. Funso loyamba la adokotala linali lakuti zinayamba nthawi yanji. Mayi Natalia, amene tinawatenga panjira, anatsegula buku la mvula n'kuloza. Adokotala anayang'ana tsiku, anayang'ana kalendala pakhoma, anayang'ana ife. Kenaka anatenga madzi a pa kasupuni kakang'ono kuyesa ngati malemu angameze. Anatsamwa. Pomwepo analetsa chilichonse chodzera pakamwa, anawaika kachubu kodzera m'mphuno kukafika m'mimba, anawaika mpweya, n'kuyamba jekeseni wa chibayo. Jekeseni amene a Jonasi ankati apha munthu ndi amene anatsitsa kutentha kwa thupi pa masiku awiri.

Pa 20 Januwale anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene anawalowetsa m'makina ojambula mkati mwa mutu. Ndikufuna mumve bwino zimene dokotala wa ubongo anatifotokozera, chifukwa mwina mawa zidzapulumutsa wina pano. Anati sitiroko ili mitundu iwiri. Ina, mtsempha wa m'mutu umaphulika magazi n'kutayikira mu ubongo. Ina, magazi amaundana n'kutseka mtsempha, mbali ina ya ubongo n'kusowa chakudya. Ndi maso sungasiyanitse, n'chifukwa chake amayamba ajambula, popeza mankhwala othandiza pa mtundu wina amapha pa mtundu unzake. Ya malemu inali yotseka. Anationetsa chithunzi, mbali yakumanzere ya ubongo ili ndi banga lakuda lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Ndinayang'anitsitsa chithunzi chimenecho, a Jonasi. Hamala sindinaionemo.

Dokotalayo anati ubongo ukasowa magazi umafa pang'onopang'ono, mphindi iliyonse kagawo kake, ndipo chafa chafa. Anati masiku ano kuli mankhwala obaya osungunula magazi oundanawo, koma amagwira ntchito munthu akafika asanathe maola anayi ndi theka. Anatinso m'zipatala zina zazikulu za kunja amalowetsa kachingwe kopyapyala mumtsempha n'kukakoka chotsekacho. Sanatinamize. Ananena poyera kuti zinthu ziwirizi kuno kwathu sizipezeka wamba, ndipo sangalumbire kuti malemu akanazipeza. Koma anati ngakhale popanda zimenezo, munthu wofika tsiku lomwelo amajambulidwa, amayamba asipirini msanga kuti pasatsekekenso pena, amamuyang'anira bipi ndi shuga, amamutembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, amayamba mafizo m'masiku oyambirira, ndipo koposa zonse samupatsa kanthu pakamwa asanamuyese kumeza. Anati ambiri otere amabwerera kwawo akuyenda ndi ndodo. Tionge anafunsa chimene chikuwaopsa kwambiri pa bambo ake. Dokotala sanaloze mutu. Analoza chifuwa, n'kunena kuti zimene ankathiridwa pakamwa zija zinkapita m'mapapo.

Anakhala m'chipatala milungu itatu. Gadiyani wawo anali mayi Natalia, kugona pansi pa bedi pa chitenje. Anaphunzira kudyetsa phala lamadzimadzi kudzera m'kachubu, kutembenuza munthu wamkulu okha, kutsuka chilonda. A mafizo anawaphunzitsa kupinda ndi kuwongola mkono ndi mwendo, kukhazika wodwala tsonga, ndi kumuyankhulitsa pang'onopang'ono ngati mwana. Anayezanso mtima, n'kuwapatsa mankhwala a bipi, asipirini ndi ena ochepetsa mafuta m'magazi. Pa 10 Febuluwale anatuluka kupita ku Kamphinda.

Miyezi inayi yotsatira, mayi ankadzuka kuwasambitsa, kuwachititsa mafizo pa nsungwi ziwiri zimene Luka anakhoma pakhonde, n'kuwatengera kuchipatala Lachinayi lililonse pa galimoto ya bambo Issa. Chifukwa malemu ankayang'ana kuchitini m'mawa uliwonse n'kumalira, mayi anaphunzira kuyeza mvula. Kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka mvula kusiya, zolemba za m'buku ili ndi dzanja la mayi. Mu Epulo malemu anatha kuima atagwira nsungwi. Anayambanso kumeza phala lolimbirako, atakhala tsonga, supuni imodzi imodzi.

Sindinama kuti atsibweni anasiya mawu, kapena kuti anatchula wowalakwira. Sitiroko inawalanda chilankhulo. Pa mawu onse amene munthu amadziwa, anabweza liwu limodzi lokha, ndipo analibweza pa 6 Epulo, Lamulungu. Liwulo ndi lakuti Nabanda. Akafuna madzi, Nabanda. Akamva kuwawa, Nabanda. Akasangalala, Nabanda. Kodi munthu amaitana usana wonse dzina la amene anamumenya ndi hamala?

M'miyezi yonseyi a Jonasi sanapondeko ku Kamphinda. Ngakhale nthochi imodzi sanatumize. Ntchito yawo inali kuyenda pa misika, pa maliro ndi pa mowa kufesa nkhani yakuti mlamu wawo ndi mfiti, anakhoma mwamuna wake kuti nyumba ya malata itsale yake, ndipo anamulanda kwa sing'anga mankhwala atatsala pang'ono kugwira. Amayi ena a pamjigo anayamba kuchotsa zidebe zawo mayi Natalia akafika. Mayi amene ankachapa zofunda za wodwala kawiri pa tsiku ankatunga madzi anthu atabalalika, kuti asaonedwe. Sanatiuze. Tinamva kwa Dorcas.

Mapapo aja sanabwerere mwakale. Chibayo chinawagwiranso mu Malichi, anachira. Chinabweranso kumayambiriro a Meyi, anachira movutikira. Pa 28 Meyi, kuzizira kutayamba, chinabwera kachitatu, ndipo nthawi imeneyi mayi sanaimbire foni munthu. Pasanathe theka la ola anali atafika kuchipatala. Madokotala ndi anamwino anayesetsa, ndipo ife tinaona ndi maso athu. Lachiwiri pa 3 Juni 2025, nthawi ya 10:15 m'mawa, bambo Stanislaus Msampha Mbewe anatisiya, mutu wawo uli pamwendo pa akazi awo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri. Mayi analemba nthawiyo m'buku la mvula, chifukwa ankadziwa kuti mwini wake akanafuna kuti ilembedwe.

Imfa ndi ya Mulungu, sindikukana. Mwina sitiroko ikanawatenga ndithu tsiku lina. Koma masiku atatu aja sanatengedwe ndi Mulungu. Tinawaba ndife, ndipo wotsogolera anali mwini mbumba. Mwambo wa makolo unati eni munthu adziwitsidwe. Sunati apemphedwe chilolezo munthu akufa pakhonde, galimoto ili pomwepo. A Jonasi, musaweramitse mutu, ndiyang'aneni. Ndakwiya, ndipo sindikubisa. Munatenga mwambo n'kuusandutsa chibonga chokanthira mlamu wanu chifukwa cha malata, ndipo chibongacho chinagwera mng'ono wanu. Pofuna kuti anthu asakufunseni za botolo ili, munasenzetsa ufiti mayi wosalakwa. Ngati pa imfa iyi pali hamala, anaigwira ndinu, ndipo ine ndinakuthandizani kuinyamula pa 7:05 m'mawa.

M'mawa uno ife ana ndi adzukulu a mbumba ino tinakumana, ndipo tagwirizana zinthu ziwiri, mafumu atimve. Choyamba, kuyambira lero, munthu wa mtundu uno akagwa, kaya ali kwawo, kaya ali kuchikamwini, kaya ali kuchitengwa, amene ali naye pafupi amunyamule. Foni adzaimbe ali m'galimoto. Amene adzamuzenge mlandu adzayambe wazenga ine. Chachiwiri, pa ndondomeko ya nkhata imene yapatsidwa kwa oyendetsa mwambo, tasinthapo. Dzina la a Jonasi linali loyamba. Talichotsa. Nkhata simukaika, atsibweni. Chanu ndi botolo ili, ndikuliika apa pamapazi anu, mukalisunge pawindo pomwe muziliona podzuka.

Ndipo musaope kuti tidzakubwezerani mofanana. Tikudziwa kuti nanunso muli ndi bipi, ndipo mapiritsi mumabisa pansi pa mphasa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limene pakamwa panu padzapindike, sitidzaitana ngolo. Sitidzafunsa munthu. Tidzakuthamangitsirani kuchipatala ola lisanathe, adzakujambulani, adzakuyesani kumeza, tidzakutembenuzani maola awiri aliwonse, tidzakugwirani mkono pa mafizo. Tidzachita zonse kuti muchire, muyendenso, mukhale zaka zambiri ndi nzeru zanu zonse, kuti m'mawa uliwonse muzidzuka mukudziwa kuti zimenezi zikanathekanso kwa Stanislaus. Chilango chathu ndi chimenecho, ndipo sitidzachichepetsa.

Malemu asiya mkazi mmodzi, mayi Natalia Nabanda. Asiya ana atatu obereka, Tionge, Luka ndi Dorcas, ndi ine wachinayi wolera. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiyanso mkulu wawo mmodzi.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala, anamwino ndi a mafizo a ku chipatala cha mishoni ku Namitete ndi a ku chipatala chachikulu, amene anatiuza zoona ngakhale zinali zowawa. Ndithokoze bambo Issa Ridwan, amene ali apo atavala kofia. Bambo, simuli a mpingo wathu, simuli a mtundu wathu, koma pa tsiku lija munali m'bale kuposa ife eni magazi. Ndithokoze mwini ngolo chifukwa choulula, ngakhale anachedwa. Ndithokoze a mphakati wa ku Kamphinda amene sanasiye kubwera kudzapemphera pamene ena ankazemba nyumbayo, anzawo a malemu a ku Chitedze amene abwera ndi bokosi, amayi amene akhala kumoto chiyambire dzulo, a kwaya, mafumu potipatsa malo, ndi adzukulu amene akonza nyumba yomaliza ya malemu. Inu amene munadziwa kumene kunali wodwala n'kutibisira, zikomo pobwera, koma sindikuthokozani.

Kwatsala mzere umodzi kuti ndimalize, koma sindiuwerenga malo awa ali opanda mwini. Mayi anga, aNabanda, dzukani kuseri kwa nkhokweko. Tionge, Dorcas, pitani mukawagwire mikono. Amayi, patukani apo, apatseni njira. Bwerani mudzakhale kumutu kwa bokosi, ndipo kumanda nkhata yoyamba ikakhala yanu. Yendani pang'onopang'ono, mayi, musafulumire. Adzukulu adikira, a mpingo adikira, dzuwa lipendeke ngati likufuna. Tinakudikiritsani pamene simunayenere kudikira. Lero mudzi wonse udikire inu.

Atsibweni anga, aWotchi, aNabanda anu afika. Ife tinachedwa, mutikhululukire ngati mungathe. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere.